Kodi kugula nyumba kunja kungapatse banja langa mapepala okhalira kumeneko?

Funso: Ndili ndi zaka 52. Ndidabadwira ku Mufakose muno mu Harare, koma malemu bambo anga adali a ku Ntcheu. Ndili ndi shopu yowotcherera zitsulo ku Gazaland komwe timapanga mafelemu a mawindo ndi zitseko, mageti ndi ngolo, ndipo ndidalemba anyamata asanu ndi mmodzi. Kupatula nyumba ya makolo yomwe tikukhalamo, ndili ndi ina ku Waterfalls yomwe ili pa lendi. Nditaigulitsa n'kuphatikiza ndi zomwe ndasunga, ndikhoza kukwanitsa US$90,000. Mwezi watha ndidapita ku msonkhano mu hotela ina m'tauni, komwe adatiuza kuti ukagula fulati ku Dubai kapena ku Portugal, kapenanso ukatsegula kampani kumeneko, banja lonse limalandira mapepala. Akufuna US$5,000 yoyambira. Ana anga ali ndi zaka 24, 19 ndi 13, ndipo sindikufuna kuti adzaone zomwe ndidaona ine, ndalama kuthera m'banki kawiri konse. Ndigulitse nyumbayo?

Yankho: Bambo, nyumbayo musagulitse kaye, ndipo US$5,000 ija isatuluke m'thumba mwanu. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu a misonkhano ya m'mahotela amaimba foni m'mawa ndi madzulo, ati malo atsala ochepa, ndipo sindikufuna kuti akufikeni musanamalize kuwerenga.

Nkhawa yanu si yachilendo kwa ine. Nanenso ndine mwana wa mtchona. Bambo anga adachokera ku Dedza n'kudzayamba ntchito pa famu ya fodya asanalowe m'tauni, ndipo ndidaona ndi maso angawa penshoni yawo ikusungunuka mu 2008 mpaka kulephera kugula buledi. Mu February 2019 tidadzukanso n'kumva kuti madola omwe adali m'mabanki asanduka ndalama ya kuno yotchedwa RTGS. Munthu amene wapsa kawiri chonchi akafuna kuika chuma chake ndi ana ake kwina, ine sindingamudzudzule. Ntchito yanga ndi yolembetsa makampani ndi kusunga mabuku a anthu a bizinesi, ndipo ndathandizapo ambiri kukonza mapepala opemphera zilolezo m'maiko oyandikana nafe. Ambiri mwa omwe ndidawaona akulira adagula chinthu china akuganiza kuti akugula chinzake.

Pali zinthu zinayi zomwe ogulitsawa amaziphika dala mumphika umodzi: kukhala mwini nyumba m'dziko la eni, chilolezo chokhala m'dzikomo, chilolezo chogwira ntchito kapena kuchita malonda, ndi unzika womwe umabwera ndi pasipoti. Chilichonse chili ndi lamulo lake ndi ofesi yake. Ku South Africa, ku Britain ndi ku America mukhoza kugula nyumba, dzina lanu n'kulembedwa bwinobwino m'kaundula wa malo, koma pachipata cholowera m'dzikomo mudzakhalabe mlendo wa masiku owerengeka. Ku Canada ndiye adafika poletseratu alendo ambiri kugula nyumba zogonamo m'mizinda kuyambira mu January 2023.

Maiko ochepa okha ndiwo adamangirira nyumba ku chilolezo, pa njira yomwe amaitcha golden visa, ndipo zitseko zimenezi zakhala zikutsekedwa chimodzichimodzi. Portugal idatsegula yake mu 2012, koma mu October 2023 idachotsamo kugula nyumba. Chomwe chidatsala ndi monga kuika €500,000 m'thumba la ndalama lovomerezedwa ndi boma lawo, kupereka €250,000 ku ntchito za chikhalidwe, kapena kulemba ntchito anthu khumi. Spain, komwe nyumba ya €500,000 inkakwanira, idatseka pa 3 April 2025. Britain idatseka chilolezo cha anthu oika ndalama mu February 2022, Ireland n'kutsatira mu February 2023. Zifukwa zake zikuluzikulu ndi ziwiri: eni dziko adayamba kulephera kugula kapena kuchita lendi m'mizinda yawo yomwe, ndipo maboma adaopa ndalama zakuba zomwe zinkalowera pakhomo limeneli. Ndiye ngati munthu adaima pamaso panu mwezi watha n'kunena kuti fulati ya ku Lisbon ikupatsani mapepala, mwina nkhani zake n'zakale, mwinanso akudziwa koma akudalira kuti inu simudziwa. Chilichonse mwa ziwirizi n'chokwanira kuti musam'patse ndalama.

Ku Ulaya komwe kugula nyumba kukugwirabe ntchito modziwika bwino ndi ku Greece. Kale €250,000 inkakwanira, koma kuyambira mu 2024, pa nyumba wamba, ndi €800,000 ku chigawo cha Athens, ku Thessaloniki ndi pa zilumba zikuluzikulu, ndi €400,000 kwina konse, ndipo iyenera kukhala nyumba imodzi yosachepera masikweya mita 120. Chomwe ogulitsa satchula n'chakuti chilolezo cha ku Greece chimenechi sichikulolani kulembedwa ntchito. Mumakhala ndi nyumba ndi khadi, koma chakudya chiyenera kuchokera kwina.

Za Dubai ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi zomwe zikugulitsidwa kwambiri muno mu Harare. Nkhaniyo ndi yoona, koma mtengo wake si umene mudauzidwa. Chilolezo cha zaka khumi cha eni nyumba chimafuna nyumba ya madiramu 2 miliyoni, omwe ndi pafupifupi US$545,000. Ndalama yanu ingagule kachipinda kamodzi kutali ndi pakati pa mzinda, komwe anthu asanu simungakwanemo, kapena ingakhale chiyambi chabe cha fulati yomwe sinamangidwe n'komwe, yomwe mudzalipire pang'onopang'ono kwa zaka. Pamwamba pa mtengo pali 4 peresenti ya ofesi ya malo ya Dubai, kenako ndalama yosamalira nyumba chaka ndi chaka, inshuwalansi ya chipatala yomwe ndi yokakamiza kwa aliyense, ndi fizi ya mwana wa zaka 13 uja pa sukulu yolipira. Mayi wina wa ku Glen Norah adabwera kwa ine atalipira kale gawo loyamba la fulati yotereyi. Ankawerengera kuti lendi ya fulatiyo idzamaliza ngongole, osaganiza kuti nyumba yomwe ili pa pepala ilibe wochita lendi. Atalephera magawo otsatira, zambiri zomwe adaika zidapita monga momwe mgwirizano womwe adasaina unkanenera. Lamulo la Dubai limafuna kuti ndalama za nyumba zosamangidwa zizilowa mu akaunti yapadera ya ntchito yomangayo, yolembetsedwa ku boma. Munthu akakuuzani kuti mum'patse ndalama pamanja muno, kapena muike mu akaunti ya kampani yake, dziwani kuti mwatuluka kale m'chitetezo cha lamulo limenelo.

Njira ina yomwe adzakuuzani ndi yotsegula kampani m'madera a malonda otchedwa free zone. Imeneyi ndalama yanu ingakwanitse, ndipo imapereka chilolezo cha zaka ziwiri. Koma laisensi imalipiridwa chaka chilichonse kaya mwagulitsa kaya simunagulitse, ndipo mukasiya kulipira, chilolezo cha banja lonse chimagwera limodzi. Dzifunseni kuti geti lanu adzagula ndani kumeneko, komwe kuli mafakitale aakulu a zitsulo okhala ndi makina ndi antchito ambirimbiri ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh. Ku Gazaland muli ndi dzina. Womanga nyumba ku Budiriro amakupezani chifukwa mlamu wake adakutchulani. Dzina limenelo ndi chuma, ndipo silikwera ndege.

Chomwe chimandivuta kwambiri pa Dubai ndi china. Kukhala kumeneko zaka makumi awiri kapena atatu sikukusandutsani nzika, ndipo mdzukulu wanu wobadwira kumeneko sakhala nzika chifukwa chobadwirako. Ife a ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa ndi Epworth moyo umenewu timaudziwa kuposa wina aliyense. Makolo athu adamanga mzinda uno, adakumba migodi, adathyola fodya, koma adakalamba ndi chitupa cholembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira konkuno adauzidwa kuti akakane unzika wa dziko lomwe sadalipondepo, ndipo ena adatsala opanda dziko lililonse. Zidatitengera mpaka 2013 kuti malamulo aakulu a dziko atizindikire. Kugulitsa nyumba yomwe ili m'dzina lanu, m'dziko lomwe tsopano ndinu nzika, kuti mukagule khadi lomwe limatha ndipo wina akhoza kukana kulikonzanso, ndiko kubwezera ana anu pamalo pomwe agogo awo adavutikira kuchokapo.

Zina zotsalazo ndingodutsamo. Turkey imapereka unzika weniweni kwa wogula nyumba ya US$400,000 n'kuisunga zaka zitatu. Zilumba za ku Caribbean monga St Kitts and Nevis ndi Dominica zimagulitsa unzika, ndipo mu 2024 zidagwirizana kuti mtengo usatsike pansi pa US$200,000. Nthawi zambiri imeneyo ndi mphatso ku boma yomwe sibwerera, pasipotiyo ndi yoyendera chabe ndipo sikupatsani ufulu wokhala kapena kugwira ntchito ku Ulaya, komanso Britain idayamba kufuna viza kwa a pasipoti ya Dominica mu July 2023. Ku America, njira ya EB-5 imafuna US$800,000 kapena kuposa ndi ntchito za anthu khumi, pomwe viza ya E-2 ya mabizinesi ang'onoang'ono, yomwe anthu amaitchula kwambiri pa intaneti, ndi ya nzika za maiko omwe ali ndi pangano la malonda ndi America, ndipo Zimbabwe ndi Malawi mulibe m'gulumo.

Tsopano za bizinesi, komwe ndikuona kuti funso lanu lili ndi moyo. Kulembetsa kampani kunja n'kosavuta, m'maiko ena munthu amamaliza ali pa kompyuta kunyumba kwake. Koma satifiketi ya kampani si chilolezo chokhala m'dziko. Estonia ili ndi chomwe amachitcha e-Residency chomwe chimakulolani kuyendetsa kampani pa intaneti, ndipo ngakhale dzinalo likumveka ngati la kukhala, sichikupatsani ufulu wolowa m'dzikomo ngakhale tsiku limodzi. Akamberembere amagulitsa zinthu ngati zimenezi kwa anthu osadziwa. Chilolezo chenicheni cha bizinesi chimaperekedwa ndi a zolowa ndi kutuluka, ndipo funso lawo ndi limodzi kulikonse: mukubweretsa chiyani chomwe anthu athu alibe? Germany siika mpamba wokhazikika, koma imafuna umboni woti bizinesiyo ikufunika m'deralo, kuti ndalama zake zilipo, ndipo wopitirira zaka 45 ngati inu aonetsenso chomwe adzadye akakalamba. Britain imafuna lingaliro latsopano lomwe bungwe lovomerezeka lalivomereza, ndipo shopu yowotcherera, ngakhale ikhale yabwino chotani, silowa pamenepo. Portugal ili ndi viza ya D2 ya oyambitsa bizinesi yomwe ilibe mtengo woikika, koma muyenera kuwakhutiritsa kuti bizinesiyo idzayenda pakati pa anthu olankhula Chipwitikizi, ndi malamulo awo a kamangidwe ndi a misonkho omwe simunawagwirepo.

Ku Joni, komwe ambiri timathamangira, viza ya bizinesi imafuna R5 miliyoni yochokera kunja, kalata yovomereza ya unduna wa zamalonda, ndiponso kuti mwa antchito 100 alionse, 60 akhale nzika kapena okhazikika m'dzikomo. Ndalamayo ikupitirira US$250,000. Ku Zambia, chilolezo cha woika ndalama mu bizinesi yatsopano chimafuna US$250,000, kapena US$150,000 ngati mukulowa mu bizinesi yomwe ilipo kale. Ku Mauritius, nyumba yomwe imabwera ndi chilolezo imayambira pa US$375,000 m'mapulojekiti ovomerezedwa ndi boma, koma chilolezo cha woyambitsa bizinesi chimayambira pa US$50,000, ndipo amayang'ana ngati kampaniyo ikupanga malonda okwanira m'zaka zotsatira. Kumbukiraninso kuti maiko ambiri amasungira eni dziko mabizinesi ang'onoang'ono. Konkuno ku Zimbabwe lamulo lidapatula zinthu monga magolosale, zometa tsitsi, zigayo ndi matakisi kuti zikhale za nzika. Botswana imachita chimodzimodzi, ndipo Tanzania mu July 2025 idaletsa alendo mitundu 15 ya mabizinesi otere. Mlendo wa mpamba wochepa ndi amene amagundana ndi mpanda umenewu.

Pali khomo limodzi lomwe simudalitchule, ndipo silifuna kuti mugulitse chilichonse. Bambo anu adali a ku Ntcheu. Lamulo la unzika la Malawi limati munthu wobadwira kunja kuyambira pa 6 July 1966, yemwe bambo kapena mayi ake ndi nzika ya Malawi yobadwira m'dzikomo, ndi nzika kudzera mwa makolo. Kale vuto lidali loti Malawi sinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri, koma nyumba ya malamulo idasintha zimenezi mu December 2018, ndipo tsopano pali njira yopemphera. Mbali ya kuno nayo ndi yotseguka. Gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 limati wobadwira mu Zimbabwe, yemwe kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo ankakhala muno pomwe malamulowo ankatuluka, ndi nzika yobadwa nayo. Khoti la malamulo aakulu lidagamula pa mlandu wa Mutumwa Mawere chaka chomwecho kuti nzika yotere singakakamizidwe kutaya unzika wina. Choncho yambani mwayang'ana chitupa chanu. Ngati chikadali ndi chizindikiro cha alien, pitani ku ofesi ya zitupa ku Makombe mukachikonze, chifukwa palibe dziko lomwe lingakulandireni ngati mapepala a kwanu komwe ali osokonekera. Mukatero sonkhanitsani chilichonse cha bambo anu: pasipoti yakale, chitupa cha ntchito, makalata ochokera kumudzi, dzina la mudzi, la nyakwawa, la mfumu yaikulu ndi boma, n'kupita nazo ku ofesi ya kazembe wa Malawi muno mu Harare. Ngati ku Ntcheu kukadali azakhali kapena abale ena okumbukira bambo anu, apezeni adakali moyo, chifukwa umboni wawo ndi wa mfumu ya m'mudzi ndi umene umatsegula zinthu. Za ana anu mukafunse padera, popeza iwo ndi m'badwo wachiwiri wobadwira kunja ndipo lamulo silimawatenga ngati inu.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mlendo wofuna kuchita bizinesi ku Malawi amapempha Business Residence Permit, yomwe imafuna US$50,000 yochokera kunja ndipo imakhala zaka zisanu, komanso lamulo la malo lomwe lidasinthidwa mu 2022 lidakhwimitsa kwambiri kugulitsa malo kwa osakhala nzika. Nzika siifunsidwa zonsezi. Imagula puloti, imatsegula shopu, imalemba antchito, ndipo palibe tsiku lomwe khadi lake limatha.

Sindikukuuzani kuti ku Malawi kuli uchi, ndipo ndingakulakwireni nditabisa. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Kwa inu zimenezi zikutanthauza kuti dola ikalowa n'kusanduka kwacha, kuibweza kukhala dola kuti muitanitse zitsulo ndi nkhondo. Magetsi a ESCOM amathimathima monga a ZESA, ndipo wowotcherera wopanda magetsi amangokhala pansi uku akulipira anyamata. Ku Zambia nako mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, anthu ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Ku Mchesi ku Lilongwe ndi ku Ndirande ku Blantyre kuli amisiri a zitsulo ambiri omwe mitengo yawo ndi yotsika, ndiye mukapita muyenera kukhala ndi chomwe iwo alibe, kaya ndi makina, kaya ndi luso la ntchito zikuluzikulu za makontilakitala. Ndipo musawerengere munda wa kumudzi. Kwathu kuja malo ambiri amayenda kuchikazi, ndi a mbumba, ndipo mwana wa mwamuna amene adatchona akafika n'kuyamba kuloza malire amadzutsa milandu yomwe imadya zaka. Pitani ngati mwana wodzaona manda a makolo, puloti ya bizinesi mukagule m'tauni ndi mapepala a boma.

Tibwerere ku nyumba ya ku Waterfalls, chifukwa US$90,000 yomwe mukuwerengayo si imene idzafike m'manja mwanu. Wogulitsa nyumba wovomerezeka amatenga 5 peresenti. A ZIMRA, otolera misonkho, amafuna msonkho wa phindu nyumba isanasinthidwe dzina, ndipo kawerengedwe kake kamadalira ngati mudaigula isanafike kapena itadutsa 22 February 2019. Pali chikhululukiro cha msonkhowu kwa a zaka 55 kupita m'tsogolo, koma ndi cha nyumba yomwe mwiniwake amagonamo, osati ya lendi, ndipo inu zakazo simunafike. Onaninso ngati muli ndi title deed kapena nyumbayo ili pa cession, pomwe malowo m'kaundula akadali m'dzina la khonsolo kapena la kampani yomwe idagawa mapuloti, chifukwa ya pa cession imagulidwa motchipa ndipo ogula a ndalama za kubanki amaithawa. Ya ku Mufakose ija, poti ndi ya makolo, onetsetsani kuti nkhani ya chuma cha masiye idatsekedwa kwa Master of the High Court, ofesi ya kukhoti yoona nkhani zotere. Mabanja ambiri a kwathu amagona m'nyumba yomwe ikadali m'dzina la malemu, ndipo tsiku lomwe mudzagulitse ya ku Waterfalls n'kutsala ndi imeneyo yokha, mudzakhala mukudalira nyumba yomwe abale anu onse ali ndi gawo.

Ndalamayo ikapezeka, kuitulutsa ndi nkhani ina. Ndalama zogulira katundu kunja zimadutsa ku banki yanu ndi chilolezo cha Reserve Bank, ndipo mu September 2024, tsiku lomwe ZiG, ndalama ya kuno, idagwetsedwa, ndalama yomwe munthu angatuluke nayo pamanja idatsitsidwa kuchoka pa US$10,000 kufika pa US$2,000. Adzapezeka madobadoba okuuzani kuti mupereke kuno, mnzawo akakupatsani uko. Kupatula kuti ndi mlandu ndipo mukhoza kuberedwa, ndalama yoyenda chonchi ilibe mbiri, ndipo ofesi iliyonse yopereka chilolezo cha bizinesi imafuna kuona kuti mpamba udachokera kunja kudzera ku banki. Apa ndi pomwe amisiri ambiri a ku Gazaland, Siyaso ndi Glen View amagwera. Ntchito amaidziwa, ndalama amapanga, koma zonse n'zapamanja: palibe kampani yolembetsedwa, palibe malisiti, palibe sitetimenti ya banki, palibe pepala la msonkho. Kwa ofesala wa kunja, bizinesi ya zaka makumi awiri yopanda mabuku ndi chimodzimodzi bizinesi yomwe kulibe. Ngati shopu yanu ili choncho, ntchito yoyamba ndi imeneyi, ndipo imafuna zaka ziwiri kapena zitatu za mabuku oyera kuti ikhale ndi mawu. Kaya mudzasamuka kaya ayi, mabukuwo adzakutsegulirani ntchito za makampani ndi ngongole za kubanki konkuno.

Ndikadakhala inu, ndikadatumiza katundu patsogolo, banja n'kutsala. Zimbabwe, Malawi ndi Zambia onse ali m'dera la malonda opanda msonkho wa pachipata la COMESA kuyambira mu 2000, ndipo katundu wopangidwa muno, wokhala ndi satifiketi yosonyeza komwe adapangidwira, amalowa mopepuka ngakhale misonkho ina ya m'dzikomo imakhalapo. A ZimTrade, bungwe lolimbikitsa kugulitsa katundu kunja, amathandiza pa mapepala amenewa. Pasipoti ya Zimbabwe imalowa ku Malawi ndi ku Zambia popanda viza, ndiye kwerani basi ya ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, kapena ya ku Lusaka kudzera ku Chirundu, mukakhale milungu iwiri kapena itatu. Yendani m'mashopu a zomangira, funsani mtengo wa chitsulo, wa ndodo zowotcherera, lendi ya shedi, malipiro a mmisiri, ndi masiku omwe kontilakitala amatenga kuti alipire. Monga mlendo simuloledwa kuyatsa makina n'kuyamba ntchito, koma kuona msika ndi kukambirana ndi ogula n'kololedwa. Mukapeza wogula mmodzi kapena awiri, tumizani mageti ndi mafelemu kuchokera ku Gazaland, muone ngati ndalama ikubwerera komanso ikubwerera mu ndalama yanji. Zonsezi zingadye US$3,000 kapena US$4,000, yochepa kuposa yomwe a ku hotela akufuna, ndipo lendi ya ku Waterfalls ikhala ikulowabe mwezi ndi mwezi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, adatero akuluakulu, ndipo lendi ya madola mu Harare ndi fodya wa pamphuno. Msika ukavomera kwa chaka chathunthu, pamenepo tidzakambirane za shedi yachiwiri kutsidya kwa malire, ndipo mwina simudzafunikanso kugulitsa nyumba chifukwa ikhoza kukhala chikole cha ngongole yaing'ono.

Za ana ndiyenera kukuuzani mosapsatira, poti ndiwo mwawaika patsogolo. Zilolezo zambiri za bizinesi ndi za nyumba zimatenga mkazi ndi ana aang'ono, ndipo malire nthawi zambiri amakhala zaka 18 kapena 21. Wa zaka 24 uja m'maiko ambiri sangalowe pa pepala lanu, ndipo wa 19 akhoza kupitirira malire mapepala ali m'njira. Mukhoza kugulitsa zonse chifukwa cha ana atatu n'kupezeka kuti mwanyamula mmodzi. Kwa akuluakuluwo njira yodalirika ndi ya m'manja mwawo: maphunziro ndi luso lomwe maiko akulisowa. Ngati mmodzi wa iwo adakulira pa shopu panu, m'thandizeni apeze satifiketi ya umisiri ya Class One, awonjezere mayeso a kuwotcherera mapaipi ndi matanki, chifukwa luso lotere lili ndi msika m'migodi ndi m'mafakitale m'maiko ambiri, ndipo amene amapempha chilolezo ndi wolemba ntchitoyo. Chenjerani ndi ogulitsa makalata a ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Mabanja ambiri muno adaluzapo ndalama zochuluka pa makalata abodza, ndipo njirayo idatsekedwa kwa ochokera kunja mu July 2025.

Akakuimbiraninso a ku hotela aja, afunseni dzina lenileni la chilolezo chomwe akugulitsa monga lilili m'lamulo la dzikolo, ndi ofesi ya boma yomwe imachipereka, kenako mukafunse nokha ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kapena pa tsamba la boma lawo. Afunseni ngati chilolezocho chikulola kugwira ntchito, ana a zaka zingati omwe chimatenga, ndi chomwe chimachitika mukagulitsa fulatiyo kapena kampani ikagwa. Afunseninso kuti US$5,000 ija ndi ya chiyani, ikupita mu akaunti ya yani, ndipo ibwerera bwanji pempho likakanidwa, zonsezo azilembe pa pepala lomwe loya wanu, osati wawo, aliwerenge musanasaine. Ndipo musanapite kulikonse, khalani pansi ndi mayi a kunyumba muwaonetse yankho lino, chifukwa ngati dzina lawo lili pa mapepala a nyumba ya ku Waterfalls, siingagulitsidwe popanda siginecha yawo.